Fatuma wameza mbedza

Asalaam aleikum nonse. Pepani, sindinazolowere kulemba pagulu pano.

M'mawa uno Fatuma wanga wameza mbedza. Bambo ake amaika usipa wa nyambo m'mbedza pakhonde, mwana n'kutola umodzi n'kudya. Ulusi unatsala ukulendewera pakamwa.

Apongozi anaugwira kuti akoke. Ndinati, "Ayi Amayi, musakoke," n'kuwakankha dzanja pamaso pa anthu. Chikwatiwireni sindinawatsutsepo.

Tinathamangira naye kuchipatala ku boma pa njinga yamoto. Atamujambula, anapeza mbedza itakola kummero. Adokotala anamugoneka n'kuichotsa, ndipo anati tikanakoka, mmero ukanang'ambika.

Fatuma ali bwino, akupumula. Koma apongozi abwera kudzamuona ndipo ine sanandiyankhule. Abale, ndikawapepese kapena ndingokhala chete?