Mkamwini wanga wandiphulitsa kasanu ndi kawiri

Chaka chino ndi 2019 ndipo ine ndili ndi zaka 71. Chiwongolero ndinayamba kuchigwira ndili ndi zaka 23, pa famu ina ku Joni. Thirakitala, lole ya ng'ombe, ndipo masiku ano njinga yamoto yomwe ndimatsitsira kachewere kumsika. Zaka zonsezi sindinagonepo m'chipatala chifukwa cha ngozi. Lembani kaye zimenezo.

Koma Lachiwiri lapitali ndachita ngozi zisanu ndi ziwiri nditakhala pabenchi.

Ndiyambe ndi mbuzi. Mwezi wathawu ndinagunda mbuzi pa Nsipe, ndi dengu la tomato lomwe linali pambali pake. Aliyense anati yolakwa ndi mbuzi. Inenso ndinavomereza. Koma kuyambira tsiku limenelo mwana wanga Esinati akumanong'onezana ndi amayi ake kukhitchini, ndipo mawu omwe amandipeza pakhonde ndi amodzi: kiyi. Akufuna ndisiye njinga. Wondiuza pamaso palibe. Ine ndinangonena mokweza kuti wofuna kiyi wanga abwere adzamutenge yekha m'thumba muno.

Mwamuna wa Esinatiyo ndi Fesitoni, bambo a Tadala. Ali ndi kanyumba kometera anthu pa Manjawira. Wakhala mkamwini wanga zaka khumi ndi chimodzi, ndipo mawu ake onse kwa ine ndi awiri: "Inde, bambo." Ndikati mvula igwa, inde bambo. Ndikati sigwa, inde bambo. Akandiona amanjuta ngati wataya singano.

Tsono ndapita kukametetsa, ndapeza waika kanema wa sola ndi gemu ya tigalimoto. Tigalimoto take n'tojambula ngati tidole ta ana: kena kali ndi mano, kena kali ngati chule, konse kasenza mzinga padenga. Anthu anayi amagwira aliyense kachipangizo kake ka mabatani, n'kumathamangitsana, kuponyerana mabomba. Wotsala wamoyo ndiye wapambana. Basi. Palibe katundu wonyamula, palibe kopita.

Osewera ake? Musaganize ana. Panali a Chimbalanga, mkulu wa mpingo wathu, munthu amene Lamulungu anatiwerengera lamulo loti usaphe. Ndawapeza ataimirira, tayi ali paphewa, akuti, "Ndamumaliza ameneyo, akapume." Amene amamumalizayo anali Nasibeko wogulitsa mandasi, beseni lake lili pansi, ntchentche zikugula ulere.

Fesitoni atayamba kundimeta, ine ndinati dziko latha.

"Agogo," anatero Nasibeko, "paja inu ndi dalaivala wa ku Joni? Kapena kumeneko munkangotsuka matayala?"

Mkazi wa mandasi sangandiyankhule choncho ine n'kungochoka. Ndinakhala pabenchi, theka la mutu lometa, theka losameta. Ndinasankha lole ya mano. Fesitoni anandionetsa batani loyendera ndi lowombera, kenaka a Chimbalanga anamukakamiza kuti atenge chule, tikwane anayi.

Ulendo woyamba ndinapambana. Ndinamva kukoma, sindinama. Wachiwiri ndinapambananso. Apo m'pamene ndinayamba kuonetsetsa. A Chimbalanga akandiyandikira ankawombera kumwamba ngati apolisi obalalitsa anthu. Chule wa mkamwini wanga ndinamuona ndi maso angawa akukhota yekha, n'kukadziponya m'dzenje.

"Bambo a Tadala, chule wanuyo wagwa bwanji?"

"Mabuleki, bambo."

"Mabuleki a m'kanema amaduka?"

"Inde, bambo."

Nasibeko anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke. Ndinati, "Mukagweranso dala m'dzenjemo, ndikamuuza Esinati kuti anakwatiwa ndi munthu wabodza. Menyani ngati mwamuna."

Fesitoni anayang'ana a Chimbalanga. A Chimbalanga anayang'ana kudenga. Kenaka mnyamata uja anapukuta manja pa thalauza.

Abale, ndisakubisireni. Lole yanga inaphulika ndisanafike n'komwe pamlatho. Inaphulikanso. Inasanduka utsi, matayala akugubuduka okha, kanema akuliza kanyimbo konyoza. Bomba lililonse linkangotulukira ngati mfiti. Kachisanu ndinatukwana m'chilankhulo cha kumigodi, a Chimbalanga n'kunamizira kugontha. Kachisanu ndi chimodzi ndinamumva mkamwini wanga akuseka. Zaka khumi ndi chimodzi, sindimadziwa kuti ali ndi mpata pakati pa mano.

Mukufuna kudziwa chimene chimakokera anthu akuluakulu ku tidole timeneti? Si zithunzi ayi. Fesitoni akuti munthu akamasewera yekha sachedwa kuyasamula. Kukoma kwake ndi chigongono cha mnzako chomwe chikukugunda m'nthiti. M'kanema muja mulibe mkulu wa mpingo, mulibe wa mandasi, mulibe mpongozi. Bomba silinjuta.

Nanga kunja kuno? Kuno tonse ndife achule ogwera dala m'dzenje. Mtsogoleri wa kwaya mawu anamuthera kalekale, ife tikungoti ameni. Phungu abwera kudzatsegula mjigo womwewo kachitatu, ife m'manja. Mkulu akuyendetsa maliro molakwika, ana ake akudziwa, koma ali zii, adzanenera kumadzi. Timati ndi ulemu. Ine ndakhala ndikuudya ulemu umenewu zaka zambiri, ndipo ndimaukonda. Koma ulemu wake uti woti munthu akupita kuphompho inu mukumuwombera m'manja?

Lole itaphulika kachisanu ndi chiwiri, Fesitoni anaika kachipangizo kake pansi. Ananjuta monga mwa masiku onse, koma ulendo uno maso sanawathawitse.

"Bambo, ndinene?"

"Mwandipha kale. Nenani."

"Kasanu ndi kawiri konseka ndadzera kumanzere kwanu. Sindimabisala. Ndimabwera poyera, pang'onopang'ono. Simunandione ngakhale kamodzi."

Ndiye anandifunsa:

"Mbuzi ija ya pa Nsipe inali mbali iti, bambo?"

Kenaka anati, "Tatsekani diso lakumanja."

Ndinatseka ndi chikhatho. Kanema yense anasanduka chifunga cha ku mapiri mwezi wa June. Nasibeko, yemwe anali pafupi ngati apa ndi apo, anangokhala chithunzithunzi.

"Ndi ng'ala imeneyo," anatero Fesitoni. "Ndimaiona ndikamakumetani. Chaka chatha tsopano."

"Chaka? Bwanji osanena?"

"Ndikanayambira pati, bambo?"

Ndine ndemwe ndinamuphunzitsa kunjuta. Tsiku lomwe anabwera kudzafunsira mbeta ndinamusiya padzuwa mpaka mthunzi unatembenuka, kuti adziwe kuti pakhomo pano pali mwamuna. Anadziwadi. Anadziwa mpaka kundisiya ndizitsika msewu waukulu wa malole ndi diso limodzi, matumba awiri a kachewere kumbuyo, nthawi zina Tadala atakhala pamwamba pake.

Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Sananene kuti mnansiyo adzafunika chule wa mzinga kuti alifikire khutulo.

Musamve ngati ndikuti mipingo igule magemu. Ndimayesabe zopanda pake, ndipo a Chimbalanga ayenera kulapa. Ndikungokufunsani inu akuluakulu anzanga, inu amene pakhomo panu aliyense amati inde: ndani anakutsutsani komaliza, ndipo linali liti? Ngati simukukumbuka, musati ndinu anzeru. Tsekani diso limodzi muone.

Anandimaliza kumeta. Ndinatulutsa kiyi, n'kumuika pabenchi, osati m'manja mwake. Mkamwini salandira kiyi m'manja mwanga. Ndinamuuza kuti njingayo aisunge mpaka adokotala a maso atanena zawo, ndipo akaikanda penti adzandidziwa. Kunyumba ndinakwera minibasi, kondakitala akunditchula madala.

Tsono ziwerengero za Lachiwiri ndi izi. Malole a mano: asanu ndi awiri, onse apsa. Kiyi wa njinga: mmodzi. Mbiri ya zaka 48 ya dalaivala wosagonja: imodzi, yathera pamaso pa mkazi wa mandasi, ndiye kuti pofika Loweruka Manjawira yense amva. Ndatayanso mkamwini mmodzi woti inde bambo.

Ameneyo yekha musandithandize kufunafuna.