Bambo anga ndi timitengo ta m'miyala

Bambo anga anayamba kuiwala mayina athu chaka chimene ndinabwerera kwathu ku Soche, ukwati wanga utatha. Mayi anali atamwalira kale. Ndinkaganiza kuti ndikukapuma, koma ndinakapeza munthu wofunika kumusambitsa ndi kumudyetsa.

Asanapume pantchito ankaphunzitsa za zomera pa koleji ina. Ali mnyamata anapita kunja kukaphunzira, ndipo kumeneko mtima wawo unagwera pa timitengo tinatake timene tinatha kalekale, dziko lisanakhale ndi nkhalango kapena maluwa. Zotsalira zake zimangopezeka m'miyala. Pakhoma la pabalaza anapachikapo chithunzi cha kagawo kopyapyala ka tsinde lake, kokuzidwa ndi makina. Pakati pake pankaoneka ngati nyenyezi.

Chimene chinkandipweteka n'chakuti zimenezi sanaziiwale. Ndikawapatsa tiyi ankandiyang'ana ngati mlendo, kenako n'kundikokera pa chithunzicho.

"Mayi, mwaiona nyenyeziyi? Ndi mitsempha yokweza madzi. Tsono taonani timizere tikuchoka pansonga zakezi. Tikulowera ku timasamba, koma tikuthera pomwe tsamba layambira, sitilowa m'kati. Ndiye tinene kuti ndi masamba enieni?"

"Adadi, ndine mwana wanu. Imwani tiyi, akuzizira."

"Mizu yeniyeni tinalibe," ankapitiriza. "Njere tinalibenso. Tinkaberekana ndi kafumbi kotuluka m'timatumba tooneka ngati impso, m'mbali mwa tsinde."

Kuchipatala anatiuza kuti matendawa sachizika, tizingowasamala. Maneba ena ankanong'onezana kuti sukulu ndiyo inawazunguza mutu.

Patapita miyezi ingapo chichitikire namondwe wa Freddy, tsiku lina masana ndinathamangira kumsika kukagula tomato. Pobwera ndinapeza geti lili pululu, bambo kulibe. Ndinazungulira mizere yonse ya nyumba ndikufunsa. Mayi wina wogulitsa mandasi pa siteji ndiye anandiuza kuti wawaona akukwera cha ku Manje, atavala jekete, hamala ili m'manja.

Ndinawapeza m'chigwembe chimene matope ndi miyala zinadutsa potsika m'phiri. Anali atagwada, akuswa miyala umodziumodzi n'kumaiyang'anitsitsa. Anthu anali atawazungulira. Bambo wina wamtali, wovala kofia, anatembenukira kwa ine mokwiya.

"Madala awa ndi anu? Pansi apa pali anthu athu amene sanapezeke mpaka lero. Mkazi wanga ali pompa. Iwowa akufunapo chiyani?"

Ndinagwada m'fumbimo. "Pepani, bambo. Akudwala, sadziwa chimene akuchita."

Bambo anga anadzutsa mutu, zala zikutuluka magazi, n'kumuonetsa munthuyo kamwala. "Phiri latitsegulira, achimwene. Timitengo tija tili muno. Tithandizane kufufuza."

Ndili mwana, iwo omwewo ndiwo anandiphunzitsa kuti miyala ya phiri la Soche inachokera ku moto wa pansi pa nthaka, ndipo m'miyala yotere simungapezeke zotsalira za chomera chilichonse. Ndinafuna kuwakumbutsa, koma ndikanakumbutsa ndani?

Munthu wa kofia uja anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anawalanda hamala mofatsa, n'kuwagwira mkono. Anatiperekeza mpaka kumsewu, ndipo minibasi itaima anawakweza yekha.

Mawa lake ndinagula loko wa pageti. Kuyambira pamenepo bambo ankavala jekete m'mawa uliwonse n'kukaima pamenepo, atagwira zitsulo, akupempha aliyense wodutsa kuti awatsegulire chifukwa ana asukulu akuwadikira. Ena ankaseka, ena ankawapatsa moni n'kufulumira. Ine ndinkakhala kukhitchini, kiyi nditamanga pansonga ya chitenje, ndikutsuka mbale zotsukatsuka kale kuti ndisawamve.

Anaima pagetipo mpaka miyendo inaleka kuwanyamula. Anamwalira mvula ya chaka chotsatira itangoyamba, akunditchulabe kuti mayi.