Kanyali Kamene Ndinalowetsa M'nyumba ya Eni

Lachisanu, mwezi wa Novembala. Ndadzuka mtima uli wopepuka, ndiye ndati lero ndilembe nkhani imene ndaisunga kuyambira ndili Fomu Wanu. Amene adzawerenge kabukuka asaganize kuti ndapeka ayi, zinandichitikira ineyo konkuno ku Kabwe, kungoti maina sinditchula.

M'kalasi mwathu muli mnzanga wa Chimwenye amene makolo ake ali ndi sitolo ya nsalu m'tauni, ndipo nyumba yawo ili kuseri kwa sitoloyo. Tsiku lina titaweruka ndinapita naye kwawo kukakopera manotsi, m'sabata ya chikondwerero chawo cha nyali. Dzuwa likulowa ndinatsazika n'kutulukira khomo lakumbuyo, ndipo ndinaona kanyali kadothi kakuyaka kokhakokha pansi, pafupi ndi ngalande, pamene tinzake tonse tinali pamzere pakhonde. Nanga mwana woleredwa bwino akanatani? Kwathu ku Chowa amai amati ukaona chinthu cha eni chaiwalika panja, utole. Ndinakatola, dzanja lina ndikutchinga mphepo, n'kulowa nako mpaka pabalaza, pamene atate a mnzangayo anagona pampando chifukwa chifuwa chinali chitawagwira masabata angapo.

Amai a mnzangayo atandiona anakuwa, mbale ya maswiti n'kugwa pansi. Mnzanga anandikokera panja, nandiuza kuti nyali imeneyo ndi ya Yama, mfumu ya akufa, amene amakwera njati yakuda atanyamula chingwe chokokera moyo wa munthu. Anati kamodzi pachaka amamuyatsira nyali kunja, moyang'ana kumwera kumene amakhala, kuti ailandire komweko n'kupitirira, asatenge munthu nthawi yake isanakwane. Tsono ine ndinali nditamuunikira njira mpaka pamutu pa wodwala.

Pobwerera, pafupi ndi njanji, ndinakumana ndi mwamuna akukoka ng'ombe yakuda pachingwe. Lero ndikudziwa kuti ankapita nayo kokapha, koma tsiku limenelo ndinathamanga mpaka nsapato imodzi inatsala m'njira. Nditafika kunyumba amai anga anayamba andikalipira za nsapatoyo, kenako anati ife ndife Akhristu, tigwade tiwapempherere. Tinapemphera. Koma m'mawa mwake sitolo ija inali yotseka, mnzanga sanabwere kusukulu, ndipo tinamva kuti atate ake awagoneka m'chipatala. Chakudya chinandikanika masiku atatu. Ndinkangoti akamwalira ndidzadutsa bwanji pasitolo paja, ndipo mnzangayo adzandiyang'ana ndi maso otani?

Tsiku lachinayi mnzanga anabwera, nati atate ake akundifuna. Nditalowa m'chipatala ndinawapeza atakhala tsonga, akudya. Ananditcha mwana wawo, ndipo m'Chinyanja chawo cha m'sitolo anandifunsa ngati ndabwera ndi nyali inanso. Anati Yama si mbala yolowa chifukwa chitseko chatseguka, ndi woweruza, ndiponso ndiye anayamba kuyenda njira ya imfa anthu onse asanaidziwe, tsono mfumu yotero ingadikire kamtsikana ka Fomu Wanu kuti kaiunikire? Anawonjeza kuti tsiku lomwe tinkalankhulalo Yama sali pantchito, wapita kukadya kwa mlongo wake, n'chifukwa chake nawonso mlongo wawo anakwera sitima kuchokera ku Ndola kudzawaphikira, koma tsabola amene anathiramo ndi amene awamalize mfumuyo isanabwerere. Mlongo wawoyo, amene anali pomwepo, anawamenya ndi supuni padzanja. Amai a mnzanga sanaseke, koma potuluka anandipanikizira switi m'manja.

Anachira, ndipo mpaka lero ndi iwo amene amandiyezera nsalu ya yunifomu. Ine ndimakhulupirirabe kuti moyo uli m'manja mwa Mulungu, monga timaphunzira kutchalitchi, koma ndinaona kuti anzathuwa kanyali kaja samayatsa chifukwa cha mantha okha, amayatsa chifukwa akufuna kuti chaka chamawa adzakhalenso onse patebulo. Ndipo inu amene mumalowa m'nyumba za eni, mukaona chinthu chili pamalo odabwitsa, yambani mwafunsa musanachikonze.

Dzulo mnzanga wandiuza kuti amai ake eniakewo ati ndibwere mawa, tsiku la kanyali kaja. Ndipita, ndikaima pakhomo lakumbuyo n'kuonerera akukaika pansi, manja anga onse awiri nditawabisa kumbuyo.