Tomato wa a Tembo

Dzulo pamsika ku Chipata mayi wina anandiikira tomato wa basela, wongothyola kumene. Fungo la masamba ake litandifika m'mphuno, ndinamubweza.

Kwathu ku Chiparamba kunali kamtsinje kakafupi kochokera m'phiri. Kumtunda tinkatunga madzi akumwa, pakati tinkachapa, ndipo kumunsi kunali dimba la amayi, limene linkatidyetsa chimwalirireni bambo. Kusukulu anatiphunzitsa kuti mtsinje uliwonse umakathera kunyanja yamchere. Ndiye chaka china kamtsinje kataphwa, ndiwo za amayi n'kuyamba kufota, ine ndinadziwiratu wakuba wake.

"Amama, tiyeni kumunsi tikaiuze nyanjayo itibwezere madzi."

"Khala chete, nyamula ndowa," anatero, n'kulowera kumtunda.

Tinapeza matumba a mchenga atatchinga mtsinje wonse, madzi ali ndendende, achule akulira. Pambali pake tomato wa a Tembo, mkulu wa mpingo wathu, anali biriwiri. A Tembowo anali pomwepo, ndipo amayi anawagwadira m'matope.

"A Tembo, tsegulaniko pang'ono. Ana afa nayo njala."

"Mayi, madzi ndi a Mulungu. Pempherani mvula."

Kenaka a Tembo anathyola tomato mmodzi n'kundipatsa. Ndinalandira ndi manja awiri, ndinamuluma pomwepo, madzi ake akuyenderera mpaka m'chigongono. Amayi sanandilankhule njira yonse, ine n'kumati akwiyira nyanja.

Ndakula tsopano. Madzi onse amene a Tembo anatibwezera chaka chimenecho ndi aja ndinameza ine, ndipo ndinawathokoza.