Nkhuku ya a Nyirenda

Linali Lachitatu, pa 12 Febuluwale 1958, cha m'ma 3 koloko masana, pamene agogo aakazi anandituma kukaitana a Nyirenda. Agogo aamuna anali atatha tsiku ndi theka osataya madzi, pachinena patatupa ngati chikho. Mtsinje wa Hunyani unali utasefukira, ndipo lole ya pa pulazi sikanatha kuwoloka kupita kuchipatala.

A Nyirenda anali oyandikana nafe m'komboni ku Raffingora, ndipo ndiwo ankathandiza odwala pa kachipatala ka pa pulazi. Ntchitoyo anaiphunzira ku Nyasalandi, popatsira zida dokotala wina wochita opaleshoni ya chikhodzodzo. Ndikawakumbukira, ndimamva fungo la sopo wa kaboliki losakanikirana ndi utsi wa m'mabalani owumitsira fodya. Ankatitolera anyamata tonse, kutikodzetsa m'mabotolo, kuwaunika padzuwa, n'kulemba m'kope amene akukodza magazi ndi damu limene amasambako. Makolo ankati magaziwo ndi kukula kwa mnyamata. A Nyirenda ankangoti ndi likodzo. Kope lija linakafika kwa madokotala ku Salisbury.

Koma a Nyirenda anakwatira mayi anga aang'ono. Kwa agogo anali mkamwini, ndipo akakumana nawo panjira ankapatukira m'tchire, chipewa chili m'manja. Tsopano mkamwiniyo anaima pakhomo ndi kapaipi kamphira kowiritsa, kolowetsa kumaliseche kuti mkodzo utuluke. Agogo aamuna anakana ali m'nyumba, akubuula. Anati bola aikidwe m'manda a pa pulazi kusiyana n'kuvulira mwamuna wa mwana wawo.

A Nyirenda sanatsutse. Anapita kwawo, anagwira nkhuku yawo imodzi yokhayo, nadzagwada pamatope. Anaipereka kudzera kwa agogo aakazi, monga achitira mkamwini popempha kuti manyazi athe pakati pa iye ndi apongozi ake. Tinadikira. A Nyirenda thukuta linkawatsika m'khosi, koma sanadzuke.

Kenaka mawu anamveka m'nyumba: "Nkhuku yowonda chonchi ndiyo mwaona kuti ndi ya ine?"

"Yonenepa ibwera mukachira, bambo."

"Lowani. Ena nonse chokani."

Ndili pansi pa mtengo wa mango ndinamva madzi akulira m'beseni, nthawi yaitali ndithu, kenaka agogo akuitanitsa fodya wawo wam'mphuno. Anakhalanso ndi moyo zaka zisanu ndi zinayi.

Ine sindinakhale dokotala, koma mpaka lero ndikamva munthu akunena kuti mwambo ndi chipatala sizingayendere pamodzi, ndimamuuza za a Nyirenda, ndipo ndimanena kuti anali akwathu.

M'mawa mwake mwa tsiku lija, a Nyirenda anabwera ndi kalata yotumizira agogo ku Salisbury madzi akaphwa. Sanalowe. Anaima patali, anavula chipewa, nafunsa agogo aakazi kuti apongozi agona bwanji.