Nyemba za M'bulangeti

Ndinanyamuka ku Chelstone Lachiwiri 4 koloko masana, dzuwa la Okutobala likadaswabe mtengo. Kuphewa ndinali ndi chikwama cha mabuku, m'manja nditafungatira poto wa nyemba wokulungidwa m'bulangeti, pamwamba pake chitenje.

Ndimagulitsa m'sitolo ya utoto ndi misomali pafupi ndi msika, ndipo madzulo ndimaphunzira ku Woodlands. Kwa miyezi yambiri mgonero wanga unali chipsi ndi soseji za pasiteshoni, zodyera m'pepala ndili chiimire. Kenako kuchipatala anandiuza kuti magazi anga akuthamanga kwambiri. Matenda omwewo ndi amene anatenga mayi anga, choncho mantha anandigwira ndithu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Nzeru ya bulangeti anandipatsa ndi bana Mutale, oyandikana nawo nyumba. Anati pa nthawi yopuma masana ndiziwiritsa nyemba zonyika kale kwa theka la ola pambaula, ndikulunge poto akadali wotentha, zizipsa zokha. Lamulo linali limodzi: osavundukula mpaka madzulo. Ukangosuzumira, kutentha kwathawa, udya miyala.

Pasiteshoni kondakitala atandiona anatsegula chitseko chakutsogolo kwa minibasi.

"Ba mayo na mwana, nkhalani kuno!"

Anatsitsa mnyamata wina wa tayi amene anali atakhazikika kale pampandopo. Ndinayenera kulankhula pomwepo kuti si mwana, ndi poto. Koma nditayang'ana kumbuyo, kumene anthu anali anayianayi ndi matumba a makala pamiyendo, ndinangothokoza n'kukwera. Zaka zonse zimene ndakwera mabasi a mu Great East Road, palibe anandipatsapo ulemu wotere. Ndinalipira makwacha khumi ndi asanu, ndipo chenji chinabwera ndi manja awiri.

Titayenda pang'ono anakwera mayi wina wachikulire, wa magalasi ndi nsapato zoyera, nakhala pambali panga. Tisanafike ku Munali anali atandiuza kale kuti anagwira ntchito ya unamwino ku Kitwe mpaka kupuma. Mwa anthu onse a mu Lusaka, ine kukhala ndi namwino! Pakadafunda padajiwitsa galu.

Anafunsa ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi, ine n'kuyang'ana pawindo ngati sindinamve. Anafunsa miyezi yake, ine n'kuyamba kufunafuna foni m'chikwama. Cha ku yunivesite magalimoto anathinana, basi inaima, mphepo inaleka kulowa. Apo mayiyo anagwira bulangeti ndi kuseri kwa dzanja, nkhope yawo n'kusintha.

"Imwe, mwana atentha so! Muzamupaya. Chosani bulangeti apumeko."

Dalaivala anavomereza. Kumbuyo nako kunabuka mlandu. Wina anati atsikana a masiku ano amalera ana ndi foni, wina anati basi ikhotere kuchipatala. Mnyamata wa tayi uja ndiye analankhula kwambiri. Zala za namwino zinali zitapeza kale mfundo ya chitenje.

Ndinawagwira dzanja n'kuwanong'oneza kukhutu.

"Ba mayo, si mwana. Ni binzi."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Kenako anaweramitsa mphuno pabulangeti, fungo la anyezi n'kuwauza zoona. Mapewa awo anayamba kugwedezeka ndi kuseka, misozi ikutsika, koma mawu osatuluka. Atapezako mpweya anafunsa chimene chinandichititsa misala yoteroyo. Ndinawafotokozera zonse motsitsa mawu: za chipsi, za magazi, za mayi anga, ndi za Taonga, mwana wanga weniweni wa zaka zinayi, amene amatsala ndi mng'ono wanga ndikapita kusukulu. Ndinati ndikufuna kudzamuona atakula.

Kuseka kunatha. Anamanganso mfundo ija bwinobwino, natembenukira kumbuyo.

"Namuona, ali chabe bwino. Musiyeni agone."

Basi yonse inakhala chete, chifukwa namwino akanena wanena. Dalaivala anatsitsa ngakhale wailesi.

Tinafika m'tauni 5 koloko itadutsa. Mayi aja amapita ku Kabwata, koma anayamba andiperekeza kudutsa pakati pa ogulitsa mazira owiritsa ndi anyamata a mawilibala, akuwakalipira kuti asandigunde. Tinadutsa pamalo anga a chipsi, mafuta akulira m'chiwaya, wogulitsayo n'kundikodola monga mwa masiku onse. Sindinama, malovu anadzadza m'kamwa. Koma manja onse awiri anali ndi ntchito.

Titafika pokwerera basi ya ku Woodlands anandilangiza kuti ndichepetse mchere ndipo ndisaiwale masamba. Ndinawaonetsa kambale ka mbatata ndi chibwabwa, masamba a maungu, kamene kanali m'chikwama, iwo n'kugwedeza mutu. Dzina lawo sindinafunse, ndipo mpaka lero zimandiwawa. M'basi imeneyi ndinauziratu kondakitala kuti ndi poto. Anandiika kumbuyo kwenikweni, pamwamba pa tayala.

Ndinafika pasukulu kutatsala mphindi makumi awiri kuti phunziro liyambe. Ndinakhala pabenchi pansi pa mtengo, n'kumasula chitenje, kenako bulangeti. Nyembazo zikanakhala zolimba, ndikudziwa kuti mawa lake ndikanabwerera ku chiwaya chija. Nditavundukula, nthunzi inandimenya kumaso. Ndinatapa nyemba imodzi n'kuifinya ndi zala. Inaphwanyika ngati dothi lonyowa.

Anzanga a m'kalasi anandiseka mpaka kugwira m'mimba, koma awiri anapempha supuni. Ine ndinadya pang'onopang'ono, nditakhala pansi, koyamba m'miyezi yonseyo. Tsiku limenelo ndinazindikira kuti mzinda wonse umapatukira mwana wa m'manja, koma mayi wake palibe amamufunsa ngati wadya. Mayi ameneyo ndine ndemwe, ndipo ndiyenera kumamunyamula ndekha.