Kamzere ka tenanti

Pulogalamu yotumizira zithunzi ija ndinailemba ndekha, nditatopa ndi madandaulo a alimi a ku Simlemba. Mlangizi wa fodya amakhala ku boma, ndipo kalabu ya alimiwo inali ndi tabuleti imodzi yomutumizira zithunzi za mbewu zodwala. Poyamba zithunzizo zinkapita chimodzichimodzi ngati matumba pachigayo; chimodzi chikakakamira, zonse zinkangoima. Ndiye ndinaikonza kuti izitumiza zitatu nthawi imodzi, chilichonse ndi kamzere kake koonetsa pamene chafika. Ndinkanyada nayo, osanama.

Tsiku loyesa tinakwera chulu cha kuseri kwa zigafa, poti netiweki kumeneko imagwira pompo basi. Panali bwana mwini esiteti ndi tenanti wawo wina, bambo wa ku Phalombe amene nazale yake inali itayamba kufota. Mbande zikafa ndiye kuti alibe chowoka, ndipo tenanti wopanda fodya pa esiteti samusunga. Mlangizi naye anali atanena kuti madzulo omwewo anyamuka kupita ku maphunziro, sabwera msanga.

Bwana anali atajambula mavidiyo awiri aataliatali, munda wonse mpaka galimoto yawo yomwe. Tenanti anali ndi kachithunzi kamodzi ka nazale yake. Ndinadina, zonse zitatu n'kuyamba. Timizere ta bwana tinkangokwawa, ka tenanti kali liwiro. Mtima wanga unali mbee, pakuti n'zimene ndinkafuna.

"Kodi makina anuwa sadziwa wamkulu?" anatero bwana.

Ndinafotokoza mwaulemu, mano nditaluma. Ndinati palibe mpikisano, njira ndi imodzi ndipo zithunzizo zikungogawana, kungoti katundu wopepuka amafika msanga. Ndinawonjeza kuti ka tenanti kakangodutsa, mavidiyo awo apeza malo ambiri. Bwana anangomuyang'ana tenanti uja, kenako n'kuyang'ana kumbali.

Kamzere ka tenanti katatsala pang'onong'ono kudzaza, ndinangoona chala chakuda ndi phula la fodya chikudutsa paphewa panga. Tenanti uja anadina batani loletsa chithunzi chake.

Ndinapsa mtima, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimapsabe. Ine ndinali nditaganizira zonse: netiweki ikaduka, batire ikatha, chithunzi chikabwerezedwa kawiri. Koma zoti mwini chithunzi angachibweze yekha chili pakhomo penipeni, ayi ndithu, mutu wanga sunafikeko.

"Bambo, mwatani kodi? Nazale ndi yanu, si yanga," ndinatero. Kumadzulo mitambo inali itayamba kuda, ndipo kukagwa mvula netiweki ya kumeneko imathawa. Mavidiyo a bwana anali asanafike ndi pakati pomwe.

Ndinatambasula dzanja kuti ndiyambitsenso chithunzi chija. Tenantiyo anandigwira pamkono, mofatsa, maso ali pansi.

"Zisiyeni, achimwene, ayambe afika abwana," anatero chapansipansi. "Inu mukatsika pano mubwerera ku tauni. Ine ndi ana anga tigona pompano."